Kadzuwa ndi Kaduwa

Andiitana ku ofesi ya kumtunda, kufupi ndi Mulunguzi,
ati makina oziziritsa apenga:
Okutobala ali pakati, iwo akulavula moto.

Mayi Nankhonya andipatsa limoti ngati akutula mlandu.
Ndiyang'ana: adina kadzuwa.
"Nanga si kunja kuli dzuwa?"
Ayi mayi, kadzuwa n'ka Juni,
chiperoni chikatsika ku Chawe n'kumaluma zala za alembi.
Lero dinani kaduwa aka.
Ati ndi chisanu chogwa kumwamba, kumaiko akutali;
ine sindinachionepo, ndimangochikonza.

Komabe nditsegula chivundikiro.
Sefa yafunda bulangete la fumbi.
Ndiitsuka pampopi, madzi ada bii,
ndiiyanika pamthunzi, ingapindike.
Paipi yotaya madzi yatsekeka,
mavu amangamo nyumba osalipira lendi.
Ndiuzira mwamphamvu, matope thapu! pansapato yanga.

Kunja, pamakwerero ogwedera,
theka linalo likubuula pakhoma.
Maluwa a jakaranda adzaza m'zipsepse zake,
nalimata waumira pamawaya:
ankafuna pofunda, wapeza manda.
Geji ikuti gasi alipo. Chabwino.

Tiyatsa. Kamphepo kati zii m'khosi.
Mayi Nankhonya aseka, ayamba kufunafuna juzi.
Asanaipeze, magetsi athima.

Ndalama ati Lachisanu, cheke sichinasainidwe.
Nditsetsereka wapansi mpaka ku Chinamwali,
chikwama cha zitsulo chikundimenya m'nthiti.
Malata akwathu alibe limoti.
Juni akafika timapanikizana,
Okutobala akafika
mkazi wanga amangotsegula chitseko
n'kuikapo mwala.