Kaundula wa Sitandade 2B

Chiperoni chatsika usiku osaodira,
phiri labisala ngati mwana amene sanalembe ntchito.
Ndatsegula kalasi ndi kiyi wadzimbiri,
choko chanyowa, chikukana kulemba deti,
ndiye ndalemba ndi chala pa bolodi:
lero tikutsekera.

Mu Seputembala anandipatsa ana zana limodzi ndi asanu ndi anayi.
Lero ndawerenga mitu, yaperewera khumi ndi iwiri.
Ena anawoloka Muloza ndi makolo awo,
ena akulera makanda, amayi ali ku esiteti.
Za Sitiveriya sindikudziwa.
Dzina lake ndimaliitanabe,
pakamwa panazolowera.

Uyu ndi Makhuva, wovala juzi ya bambo ake.
Chaka chonse b ndi d akhala akulimbana m'kope mwake,
wina mimba kutsogolo, wina mimba kumbuyo,
osadziwika mwini mimba ndani.
Sabata yatha walemba dambo osalakwitsa
nadzandikoka chitenje:
Madamu, taonani, agwirizana!

Za ulendo wa ku Likhubula tinasonkha.
Amene analibe ndalama anabwera ndi chinanazi,
wina nzimbe ziwiri zomanga ndi luzi.
Dalaivala anati lole siimwa chinanazi,
kenako anati, kwerani msanga ndisanasinthe maganizo.
Tinadutsa m'minda ya tiyi yongodulira kumene,
yometedwa ngati mitu ya anyamata a mayeso,
ana akuwerenga milatho mokuwa,
kufika pa seveni n'kuyambiranso.
Pa mathithi onse anangoti zii.
Nelesi, amene chaka chonse sanakwezepo dzanja,
ndiye anafunsa:
Madamu, amatseka ndani mpopi umenewu usiku?
Buku la aphunzitsi silinandikonzekeretse.
Ndinati tikafunsa a hedi.

Lachitatu tinakumana ndi a Sitandade 3.
Mpira wachikulunga, zigoli za nsungwi,
bwalo lopendekera kumtsinje
moti wothamangira kumunsi amaoneka katswiri.
Dayitoni pagolo, nsapato imodzi,
inayo ili kuphazi la mng'ono wake wosewera kutsogolo.
Anatithira zinayi.
Ife chimodzi, chogunda bondo mwangozi,
koma atsikana anachivinira mpaka belu,
chitsulo chakale cha gudumu la thirakitala,
chinatopa kulira.

Tsopano tili pansi pa mbawa, mawondo akunjenjemera,
phala latha, makapu apachikidwa m'khosi ndi chingwe.
A Khoromana akuwerenga mayina
kuyambira woyamba, m'manja muli phokoso,
kutsika, kutsika, m'manja mukuchepa,
mpaka pamene amapuma n'kunyowetsa chala.
Makhuva wadutsa, wachitatu kuchokera pamzere wofiira,
walumpha, juzi yamukola m'miyendo.
Nelesi wadutsa, akungoyang'ana nyerere.
Dayitoni ayi.

Ndinakonza mawu usiku wonse,
ofewa, a mtima pansi, a chaka chamawa chilipo.
Wabwera yekha anzake atabalalika,
nsapato ija ili m'manja.
Madamu, ndiye kuti ndikhalanso ndi inu?
Eya, Dayitoni.
Wayang'ana kubwalo, wapukuta mphuno ndi mkono.
Basitu, pagolo musaikepo wina.

Ndasesa ndekha.
Tsache latola kapensulo kotafunidwa,
chivindikiro cha botolo chowerengera masamu,
dzino la mkaka la munthu amene sanandiuze,
ndi pepala lojambulapo mayi wamutu waukulu
atagwira ndodo imene ine ndilibe.
Pansi pake: madamu.
d wayang'ana koyenera.

Dzuwa litapendeka nkhungu yayamba kusasuka.
Phiri latulukira pang'onopang'ono pawindo losweka,
lonyowa mapewa, lopanda manyazi,
ngati wochedwa amene akudziwa kuti sindimubweza.
Ndatsegulanso kaundula,
pansi pa dzina la Sitiveriya pali mzere wopanda kanthu.
Ndachongapo: labwera.