Woweta Dzimbiri

Ku Bembeke sikucha, kumangoyera.
Nkhungu imatsika m'phiri ngati yaiwala kanthu m'munda mwathu
n'kugona pa masamba a tirigu mpaka dzuwa litakwera.
Dzimbiri limakonda zimenezo.

Kwathu amati Esinta wa kwa Ngozo amaweta matenda.
Sanama.
Ndimapala masamba odwala ndi kampeni,
fumbi lofiira ngati la njerwa ndimalisunga m'kabotolo,
madzulo n'kuliwaza pa mbewu zathanzi
monga wothira mchere pa bala.
Mlamu wanga analeka kundibwereka khasu.

Bambo anali ndi ndime ya tirigu kuseri kwa tchalitchi.
Chaka chimene ndinalowa sitandade faifi
anabwera buluku lili psuu mpaka m'mawondo
ngati awoloka mtsinje wa katondo,
nakhala pakhonde osavula nsapato.
Ngala zinatuluka, inde, koma mphwepwa zokhazokha.
Ya yunifolomu inathera pomwepo.
Ndiye musandifunse chimene ndinalowera ntchitoyi.

A Chikaiko, osunga buku, anabwera ndi envulopu
muli njere zotuwa, zoonda ngati mano a khoswe.
Ati iyi ndi rayi, msuweni wa tirigu wochokera kozizira,
ufa wake ngwakuda, buledi wake ngwowawasa,
koma dzimbiri likatera pa tsamba lake limafa ndi njala.
Tikufuna mtima wakewo, ati, nkhope ayi.

Nkhoswe ya ukwatiwo ndine.
Ndi kambaniro kachitsulo ndimatsegula duwa
limene munthu wofulumira sangalione,
kuchotsamo timitu titatu ta mungu,
titatu ndithu, ukasiya kamodzi wataya chaka,
kuiveka ngalayo kathumba ka pepala ngati khanda la m'chikuta,
pakapita masiku n'kubweretsa mungu wa mlendo.
Chisanu cha Juni chimaumitsa zala mpaka osamva chimene wagwira.
Pa maukwati zana amagwira asanu ndi awiri,
ndipo ana ake ambiri sabereka.

Kenaka kubzala, kudwalitsa, kuzula.
Kubzala, kudwalitsa, kuzula.
Wamtali wagwa ndi mphepo ya ku Mozambiki: zula.
Wobiriwira koma ngala ngati mchira wa mbewa: zula.
Wina ndinamukonda. Anapirira zaka zinayi,
chachisanu dzimbiri linabwera litasintha malaya
ndipo anamutsegulira khomo ngati mbale.
Ndinamuzula ndekha. Tsiku limenelo sindinayankhule ndi munthu.

Pakati apa ndakwatiwa, ndaika bambo m'manda,
Sigele amene ndinkamubereka kumbuyo powaza fumbi lija
tsopano amandiwerengera manambala a pa zikhomo.

Ndi iyeyo wandikoka chitenje lero.
Mzere wa 214 waima pakati pa anzake ofiira
uli biriwiri, ngati sunamve kuti pamudzi pagwa maliro.
Ndatembenuza tsamba lililonse, pamwamba ndi pansi,
ndapukuta ndi mpango woyera: mpango uli mbee.
Timadontho totuwa tokha
pamene mdani anagogoda n'kubwerera.
A Chikaiko alemba m'buku dzanja likunjenjemera.
Ati ndi kuzizira.
Ati tisavine msanga, tikayesenso ku Tsangano,
tiyesenso chaka chamawa ndi chinacho,
dzimbiri silisainira pangano ndi munthu.
Ndavomera. Koma pobwerera ndadutsanso pamzerepo
ngati ndagwetsapo kanthu.

Ikadzatuluka mbewuyi adzaitcha dzina ku Lilongwe,
la zilembo ndi manambala, mwina la mtsinje.
Langa silidzakhalapo, ndipo usiku wina zimandiwawa,
ndisaname.
Chimene ndikudikira ine n'chaching'ono:
m'mawa wina wa nkhungu, ndili pa njinga kupita ku msika,
ndidzaone bambo wa mwana wina
akutuluka m'munda mwake wa tirigu,
buluku litanyowa mpaka m'mawondo
ndi mame okha.