Khonde la Mlombwa ku Borrowdale

Ndagwada chigwadire kuyambira m'mamawa,
sandipepa m'manja, fumbi lofiira m'mphuno.
Kuno amati mukwa. Bambo ankati mlombwa,
mtengo wokha magazi ukautema.
Khondeli anakhoma okha, a Gwedeza,
ine ndikuwapatsira misomali.

Thabwa silinama, ankatero.
Donthezapo madzi:
akaima ngati mkanda, lisiye, lakhuta;
akalowa, lili ndi ludzu.
Lero alowa ngati mumchenga.

Ndiye ndatsegula chitini.
Burashi itsate mitsempha ya mtengo, isaipingase.
Usapake dzuwa lili paliwombo,
mafuta amauma pamwamba, m'kati muli gwa.
Yambira kukhoma ukubwerera chambuyo
kuti usadzitsekere pakona ngati nkhuku.

Mayi Chikowore asuzumira pazenera:
alendo ndi Loweruka, mwamva?
Ndamva, mayi.
Koma jakaranda sadziwa Loweruka.
Akungothothola maluwa pa mafuta osauma,
ine n'kumawatola limodzilimodzi
ndi kamtengo ka machesi,
uku mitambo ikusonkhana cha ku Domboshava.

Thabwa lachitatu kuchokera pa sitepe
lili ndi msomali wopindika.
Anaphonya tsiku lomwe kalata ya maliro
inafika kuchokera ku Ntakataka.
Sindiuzula. Ndimangouzungulira.

Pansi pa chitini patsala zala ziwiri.
Sindipempha, n'zotaya kale.
Lamulungu ndikwera kombi ya ku Mabvuku:
mtanda wao ndi wa paini wamba,
chiswe chaulawa kale,
ndipo mvula ikubwera.