Chidendene Chakumanzere

Faifi koloko. Huddersfield akadali m'tulo.
Nditsitsa phazi pakapeti pang'onopang'ono
ngati woyesa madzi osamba.
Msomali uja ulipo. Sugona.
Miyezi khumi ndi inayi
wakhala ukundidikira m'mbali mwa bedi,
wokhulupirika kuposa munthu amene anandiperekeza ku Chileka.

Masitepe khumi ndi atatu kutsikira kukhitchini,
ndimatsika chammbali ngati nkhanu,
kugwira khoma, kuluma mlomo
kuti a chipinda chinacho asadzuke.

Kuntchito amanditchula Ndazi,
lilime lawo limatopa lisanafike pa Ndaziona.
Maola khumi ndi awiri choimirira:
kudzutsa, kusambitsa, kutembenuza,
kuthamangira belu.
Bambo Clegg a m'chipinda nambala naini,
zaka makumi asanu ndi anayi,
anandiyang'ana ndikutsimphina ndi tiyi wawo
nati, bwereka ndodo yangayi, mwanawe,
ine sindipita kulikonse.

Ndinayesa zonse.
Botolo la madzi oundana kuligudubuza kuphazi,
nsapato za mtengo wa thumba la feteleza,
timapilo tam'nsapato, mapiritsi,
kukoka zala ndi thawulo m'bandakucha.
Mchemwali wanga pafoni kuchokera ku Ndirande:
anakutapa phazi ameneyo, alipo wakuchitira kaduka.
Ndinati, achemwali, kuno kulibe fumbi loti phazi lidindepo,
ndi tala yekhayekha ndi mvula.

Kalata yakuchipatala inabwera masamba atayoyoka kawiri.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero,
koma wonenayo sanadikirepo basi pachisanu ndi mwendo umodzi.

Dokotala Sethi anapaka mafuta ozizira,
nayendetsa kachida kake kuphazi.
Pakanema panaoneka mitambo yotuwa,
yonga ija ndinaonamo mwana wanga asanabadwe.
Apa, anatero, akuloza.
Mtsempha wochoka kuchidendene kupita kuzala,
wotupa, wonyotsoka
ngati lamba wa chigayo chosapuma.

Ndinafunsa za mpeni.
Anapukusa mutu. Singano basi.

Anatenga magazi pamkono wanga womwewu,
makina anawazunguza, anawapeta,
mpaka pamwamba panayandama achikasu.
Mankhwala ake ndi amenewo:
ine ndemwe, wosefedwa.
Singano inalowa iye akuyang'ana pakanema,
ine ndikuwerenga timabowo ta kudenga.
Ndinafika makumi anayi ndi kasanu ndi kawiri
kenako ndinatchula mayi anga.

Kapulasitala kake, kochepa ngati sitampa.
Chaka chonse cha ululu
kutsekedwa ndi kanthu kotere?
Ndinachita ngati andinyoza.

Sanalonjeze.
Anati kupweteka kuyamba kwakula,
kwa ena zimathandiza, kwa ena pang'ono,
tidzaonane pakatha milungu khumi ndi iwiri.
Ndipo mupume.
Ndinaseka mpaka namwino anatembenuka.
Kupuma, fizi ya Fomu Folo ikudikira?
Komabe ndinapuma, masiku khumi,
phazi pampando, maso pawindo,
kuwerenga mabasi opita ku Halifax
ndi mapaundi amene sindikupeza.

Mlungu wachitatu: chimodzimodzi.
Wachisanu: kaya.
Ndinaleka kuwerenga.

Lachinayi lina ketulo ikuwira,
ndinapezeka ndaima m'khitchini
supuni m'manja,
osakumbuka kuti ndatsika bwanji.
Ndinabwerera m'mwamba. Ndinatsikanso,
kuyang'ana kutsogolo ngati munthu.

Sunathe, ayi.
Msomali wasanduka kamwala,
kaja kolowa m'nsapato panjira yakumsika,
kokumbutsa madzulo shifiti ikatalika.

Ndinafulumira kukaonetsa Bambo Clegg.
M'chipinda nambala naini bedi linali loyalula,
windo lotsekula,
dzina atachotsa pachitseko.
Ndodo yawo inatsamira kuseri kwa mpando,
mphira wake wakunsi wodyeka mbali imodzi.

Ndinaima pamenepo ndi mapazi onse awiri.
Kenako belu linalira kunambala sikisi.