Kulira kwa Siliva

Tebulo langa lili pakhonde la sitolo ya nsalu,
kuseri kwa depoti,
pamene nkhungu ya Mzuzu imandipeza m'mawa
mawondo asanavomere kuti kwacha.
Ndimakonza mawotchi. Ndinkakonza, tinene.
Masiku ano nthawi aliyense ali nayo m'foni,
ndiye ndimatsegula chitini cha mabisiketi
n'kuyala chuma changa pa kansalu kobiriwira.

Nali khobidi lobowola pakati,
diso limodzi losaphethira.
Nako katiki, chikhadabo cha khanda.
Masheleni asanu ndi awiri, mfumu yake inafufutika mphuno
ndi zala za anthu amene mayina awo anapita ndi chiswe.
Ndipo iyi, yokhala payokha m'kabokosi ka machesi,
hafukoloni ya siliva.

Zonsezi pamodzi sizingagule chitumbuwa
kwa a NyaHarawa, apo pa ngodya.
Ndinayesapo mwanthabwala.
Anaseka mpaka chitenje kumasuka,
nati, bambo, ndalama yakufa muziika kumanda.

Komatu chaka chatha, mwezi wa chisanu,
kunabwera munthu wa jekete lachikopa, wa ku Tunduma,
ndi kasikelo kake m'thumba, ndi galasi la diso limodzi.
Anaitembenuza, anawerenga chaka, anakhosomola,
n'kutchula mtengo wofolera nyumba yanga yonse ku Chiputula,
malata, misomali, ndi mmisiri yemwe.
Ndinati ayi.
Usiku umenewo mvula inadontha pamiyendo pa bedi,
mkazi wanga akusuntha beseni osandiyang'ana.

Kusowa ndiye mtengo wake, anatero munthuyo.
Zinzake zinasungunulidwa, zina zili pansi pa maziko,
zina ana anamezera.
Ndinaganiza za anzanga a ku pulayimale ya Katoto,
tinalipo makumi anayi, tatsala atatu,
koma palibe wabwera ndi sikelo.

Ya golide ndinaiona kamodzi kokha.
A Mzumara, atabwerako ku migodi ya ku Joni
ndi chifuwa cholira ngati chitseko,
anaitulutsa mu mpendero wa khoti lawo
pamene ndinkawaikira lamba wa wotchi.
Inali yaing'ono, yolemera kuposa maonekedwe ake,
yofunda, ngati dzira longoikiridwa kumene.
Anandigwiritsa mphindi imodzi, wotchi ndi mboni,
kenako anaisokereranso.
Atamwalira anawaveka khoti lomwelo.
Ndinali pamaliro. Ndinaimba nawo nyimbo zonse.
Sindinanene kanthu, ndipo mpaka lero
ndikadutsa kumanda kuja ndimavula chipewa kawiri.

Siliva weniweni amadziwika ndi kulira.
Umamuponya pa simenti, n'kutchera khutu:
wabodza amangoti phwa, ngati mbama ya munthu wofooka,
weniweni amati ngwiii, mawu ake n'kutsalira m'mwamba
iye atagona kale.
Koma makutu anga ayamba kutseka masitolo.
Lakumanzere linatseka kalekale,
lakumanja limatsegula theka la tsiku.

Ndiye Loweruka ndimabwera ndi Fiskani, mdzukulu wanga,
wa Sitandade 4, mano awiri akutsogolo palibe.
Ndimaponya, iye amatsinzina.
Yalira, agogo.
Yalira bwanji?
Ngati belu la njinga ili kutali, ikupita ku Luwinga.
Ndimaponyanso. Amatsinzinanso.
Ma minibasi akukuwa Karonga, Karonga, Nkhata Bay,
ine ndikuyang'ana nkhope yake basi,
pamenepo ndi pamene ndimamvera tsopano.

Dzulo wandifunsa kuti ndikadzafa idzakhala ya yani.
Ndinati yako, koma usadzagulitse.
Anayang'ana nsapato zake, chala chikusuzumira panja,
anayang'ananso kabokosi ka machesi,
ndipo sanalonjeze.
Mwana wanzeru.
Ndinatseka chitini, tinakagula zitumbuwa ziwiri
ndi ndalama yapepala, yonyowa, yonunkha usipa,
imene a NyaHarawa analandira ndi manja awiri.