Zobwerera

Lufeyo wabwera ndi foni yake yong'aluka galasi,
akuti, Amayi, siyani kaye makiretiwo, taonani izi.
Ndapukuta manja pachitenje.

Chinthu chachitali ngati bulugamu wosadzulidwa nthambi
chikutsika chafutambuyo, moto uli lawilawi kunsi,
chatambasula miyendo ngati kakowa,
n'kutera pomwe chinanyamukira. Zii.

Akuti ndi roketi.
Kale ikangotula katundu kumwamba
inkagwera m'madzi, basi, ndalama zamira.
Tsopano imabwerera yokha,
aiyang'ana zipsera, aithira mafuta,
sabata isanathe yanyamukanso
ngati minibasi ya ku Lilongwe.

Ine ndaseka.
Pa Kamwendo pano tinayamba kalekale zimenezo.
Botolo limapita ku ukwati ku Mkanda Loweruka,
Lolemba labwera panjinga, kukamwa kuli dothi,
lipita kukatsukidwa, lidzazidwanso.
Wopanda botolo amasiya chikole.

Koma usiku nditatseka okala
ndawerenga pa zala, zala zatsala pang'ono kutha:
chaka chachisanu ndi chinayi
chinyamukire bambo ake a Lufeyo pa siteji yomweyi,
chikwama chimodzi, jekete yobwereka,
akuti Joni si kutali, mvula isanagwe ndafika.
Sindinawauze kuti asiye chikole.
Palibe anawaikira miyendo yoterera.

Mwana ali m'tulo, ndasolola foni pansi pa pilo.
Batire yatsala kamzere kamodzi.
Ndabwereza kanayi pamalo paja
pomwe utsi ukuyalala, fumbi likukhazikika,
ndipo chinthucho chikadali chiimire,
chakuda ndi mwaye,
koma chafika.