Tepi ya Telala

Makina angawa ndinagula
chaka chimene sitima inkaimabe pa Luchenza
n'kulira kawiri isananyamuke.
Pakhonde lino ndakhalapo
mpaka simenti yakumbika pomwe ndimaponda.

Kale, tsiku la malipiro kuesiteti,
othyola tiyi ankabwera ndi nsalu m'khwapa,
katondo akadali kuzidendene.
Ndinkawayesa mapewa, chiuno, mkono,
n'kulemba m'kope ndi pensulo ya kukhutu.
Kopelo ndikadali nalo.
Muli chiuno cha Esinala Namakhwa
sabata imene ankakwatiwa.

Kenaka ku likulu anthu anakhala pansi
natsegula zipata za malonda.
Mabelo a kaunjika anatsika palole
ngati mvula yopanda mitambo.
Sindinama ayi:
mwana wa Esinala anavala juzi koyamba
chiperoni chikutsika m'phiri.
Ndinamuona akudutsa, ndinakondwa,
ndipo tsiku lomwelo sindinasoke kanthu.
Ndiye ndinene kuti chiyani?

Lero ntchito yanga ndi kudula miyendo
ya mathalauza a anthu aatali a kutsidya
amene sindidzawaona.
Nthawi zina m'thumba ndimapeza tikiti ya basi
ya mzinda womwe dzina lake lilime limakana.

Usiku wina wailesi inati kwacha yachepetsedwa mphamvu
kuti katundu wathu aziyenda bwino kunja.
Kutacha, ulusi unali utakwera.
Singano, zipi, mafuta a makina,
ngakhale batani, kanthu kamaso anayi,
kanandiyang'ana ngati sikandidziwa.
Tiyi anapitadi kunja, malole ndinawawerenga.
Zimene anabwera nazo sindinazione,
mwina zinadzera msewu wina.

Mnyamata wa khonsolo, Fakisoni,
amafika m'mawa uliwonse ndi kabuku ka matikiti.
Sanaphonyepo, ngakhale tsiku la maliro a mkazi wanga
anasiya uthenga kwa wogulitsa nthochi.
Sindimuda, nayenso nsapato yake yang'ambika.
Koma ndimamva kuti wobwera ndi makina aakulu
amamuyalira mphasa, namuuza kuti
msonkho ayambe waiwala zaka zingapo
mpaka atazolowera nyengo.
Ine nyengo ndinaizolowera kalekale.

Kuponi ya feteleza inandipeza kamodzi.
Ndinaseka ndekha:
munda wanga ndi mizere khumi ndi iwiri,
umathera pomwe tiyi wayambira,
ndipo tiyiyo amathera pomwe diso latopera.

Dzulo Esinala anabwera
atakulunga kanthu m'pepala la shuga.
Ndi diresi lija, lamaluwa achikasu,
msoko wanga sunasuntheko.
Akuti mdzukulu akubatizidwa Lamulungu,
ndilichepetseko pang'ono, likumugwa m'mapewa.
Ndinatsegula kope, ndinapeza tsamba lake.
Ndinamuzunguliza tepi m'chiuno.
Mainchesi anayi palibe.
Zaka zonsezi dengu lili kumsana,
ana asanu anabereka,
koma mainchesi anayi palibe.

Pamenepo wailesi ya m'sitolo inkanena
kuti chuma cha dziko chakula chaka chino,
inatchula ndi nambala yake.
Sinditsutsa, sukulu ndinalekera panjira.
Iwo ali ndi zoyesera zawo.
Ine ndili ndi tepi iyi yokha,
yofufuka, manambala ena anafutika,
ndipo ndimayesa munthu mmodzimmodzi.

Ndinamuuza abwere Loweruka.
Za mtengo sitinakambe.